Mwana wa Malemu

Alefa anali atanyamula beseni la mbale zakuda pamene mayi wina wovala magalasi anafunsa kuti, "Mwana wa malemu ali kuti?"

Palibe amene anachedwa kuyankha. Azimayi amene anakhala pamphasa pansi pa mpeyala analoza kukhonde, kumene Brenda anakhala atatambasula mwendo wake wamanzere, womangidwa chitsulo kuyambira pansi pa bondo mpaka kuchidendene. Alefa anaima pakati pa bwalo, madzi a m'beseni akudonthera pachitenje chake.

Maliro a mng'ono wake, Millie, anali ataikidwa dzulo lake. Millie anafa pangozi ya galimoto pamsewu wa Zomba akuchokera kokaphunzitsa. Anthu ambiri anali atabalalika kale, koma m'mawa umenewu pamudzi panafika galimoto yoyera yochokera ku Blantyre, itanyamula anzake a kuntchito amene sanathe kubwera tsiku la maliro.

Mayi wa magalasiyo anakhala pansi pafupi ndi Brenda, n'kumasula nsalu imene anakulungira chithunzi chachikulu cha m'felemu.

"Ichi chinali pakhoma mu ofesi ya amayi ako," anatero. "Tinagwirizana kuti chikhale ndi iwe."

Brenda analandira ndi dzanja lamanja, lamanzere likungochirikiza m'mphepete popeza zala zake zinali zopindika. Sanalire. Anapukuta galasi ndi nsonga ya chitenje ngakhale panalibe fumbi.

Atsibweni ake a Alefa, a Isake, anasendera pafupi ndi ndodo yawo n'kusuzumira. Pachithunzipo panalibe nkhope ya munthu. Panali mdima, ndipo mumdimamo munayala timizere tofiira tanthambinthambi, ndi timadontho tobiriwira tounjikana m'mbali mwa timizereto.

"Ndi mapu a esiteti?" anafunsa a Isake.

"Ayi, agogo," anatero Brenda. "Ndi ubongo wa kamwana ka mbewa kasanabadwe. Tofiirato ndi mitsempha ya magazi. Tobiriwirato ndi maselo amene amabereka ubongo wonse. Amami anajambula okha pa maikulosikopu ali kusukulu ku Joni."

"Mbewa!" A Isake anapukusa mutu. "Munthu kukwera ndege kukaona mbewa, kuno zikutha chinangwa m'munda."

Anthu anaseka pang'ono, kuseka koyamba pabwalopo chifikire uthenga wa maliro. Mayi wa magalasi anapukuta misozi, n'kuyamba kufotokozera azimayi aja kuti Millie sankakhalitsa mu ofesi, ankakhala ku wodi ya makanda obadwa masiku asanakwane, ndipo aliyense ankamudziwa dzina. Kenako anatembenuka n'kuona Alefa.

"Pepani kwambiri, mayi. Inu ndinu amayi ake aakulu a Brenda, eti? Mukufanana ndithu."

"Ndithu," anatero Alefa, n'kupita kuseri kwa nyumba.

Kumeneko anakhutulira mbale pansi mwamphamvu moti kapu imodzi yobwereka kutchalitchi inathyoka chogwirira. Anaitola, anaiyang'ana, n'kuiponya m'nthochi.

Brenda anamubereka ndi Alefayo, osati Millie. Anamubereka mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri yokha, matenda atamuyamba m'munda wa tiyi dengu lili kumsana. Anamutengera kuchipatala pathirakitala ya esiteti, atagona pamatumba a masamba. Khandalo linatuluka lokwana m'manja awiri, ndipo patangopita masiku owerengeka linasiya kuyamwa, liwombo likutupa. Anamwino anati magazi atayikira m'mutu. Kenako mutu unayamba kukula ndi madzi, mpaka anawatumiza ku Blantyre, kumene madokotala anaika kapaipi pansi pa khungu kotsitsira madziwo m'mimba. Nthawi yonseyo Millie anali kamtsikana ka Fomu 2, kobwera kuchipatala ndi yunifomu kudzatopetsa anamwino ndi mafunso. Wyson, bambo wa mwanayo, anauyang'ana mutuwo, n'kuwoloka malire kupita ku Mozambiki. Sanabwererenso.

Alefa analera mwanayo yekha mpaka zaka zisanu ndi ziwiri, akumubereka kumsana ngakhale mapazi atayamba kumugunda m'mawondo. Ndiye tsiku lina kapaipi kanatsekeka. Brenda anayamba kusanza, maso akutembenuka, ndipo ulendo wochokera ku Limbuli kukafika ku Blantyre unadya tsiku lonse. Anapulumukira pang'ono. Millie anali atangoyamba ntchito kukoleji, atangokwatiwa ndi Morton, mphunzitsi wa masamu.

"Achemwali, musiyeni akhale nane pafupi ndi chipatala," anatero Millie nthawi imeneyo. "Akalimba abwera."

Tsopano Brenda anali namwali wa Fomu 4. Ankabwera pa holide ndi nsapato zosokedwa mwapadera, Chingerezi chili pamlomo. Ankatchula Millie kuti amami, Morton adadi, Alefa amayi. Alefa ankamva kusiyana kwake. "Amami" ankatuluka msanga, mosaganizira. "Amayi" ankatuluka ngati mwana akuyankha aphunzitsi.

Komatu sizinayambe ndi Brenda. Kupulayimale Alefa nayenso ankakhala nambala wani, masamu ankachita kuphunzitsa Millie ndi makala pakhoma la khitchini. Bambo awo atamwalira, msana wa amayi awo utakana ntchito, wamkulu ndiye anatenga dengu la tiyi. Millie anapitiriza sukulu. Mpaka kumwalira kwawo, amayi awo ankaimitsa aliyense pamsika wa Limbuli kumuuza za "mwana wanga wa kukoleji," Alefa ali pambali atawasenzera thumba la ufa. Ndipo dzulo kumanda, abusa anati Dokotala Millie wasiya mwamuna ndi mwana mmodzi. Panalibe ngakhale wotsokomola.

Alendo atapita, chakumasana, a Isake anaitanitsa banja m'nyumba ya siwa. Mipando inali idakali panja, choncho amuna anakhala pamabenchi, Alefa pamphasa. Morton anakhala pafupi ndi mkulu wake. Anali adakavala malaya omwe anabwera nawo ndi bokosi, ndipo ndevu zinali zitamera mosalongosoka. Brenda anakhala pakhomo, chithunzi chija atachitsamiritsa kukhoma.

"A Morton, ife tilibe nanu mlandu," anayamba a Isake. "Mwana wathu munamusunga bwino, mwatibwezeranso mwaulemu. Mawa tikameta, inu ndinu omasuka. Katundu wa m'nyumba mwanu sitikufunapo ngakhale supuni. Koma pali mtsikanayu."

Morton anasisita manja. "Atsibweni, sukulu ikutsegulidwa Lolemba. Chaka chino alemba mayeso."

"Sukulu iliponso kuno," anatero Alefa.

"Ilipo, alamu. Koma chipatala…"

"Chipatala chiliponso."

"Cha kapaipi kulibe. Inu mukudziwa mmene zimakhalira kakatsekeka."

"Ndikudziwa. Ndinali pomwepo tsiku limene ankakaika. Inu munali kuti?"

A Isake anagogoda pansi ndi ndodo. "Pang'onopang'ono, Alefa. Komabe, a Morton, mwambo mukuudziwa. Mwana ndi wa kuchikazi. Ndiye uyu ndi namwali, inu simunamubereke, m'nyumba mulibe mkazi. Anthu adzalankhula."

"Mlongo wanga abwera kudzakhala nafe. Ndakamba naye kale."

"Mwakamba kale," anatero Alefa. "Dothi la pamanda lisanaume, inu mwakonza kale zonse."

Morton anakweza maso. Anali ofiira. "Alamu, zaka zimene Millie ankapitapita ku Joni, ndine ndinkamumanga chitsulocho m'mawa uliwonse. Ndikudziwa akamayenda kuti lero chikumupweteka kapena ayi. Sindikulanda mwana wa munthu. Ndikungopempha kuti mwana wa Millie amalize zimene…"

"Millie analibe mwana."

Panja nkhuku inali kupalasa pamene anaphikira adzukulu.

Alefa anamva mawu ake akukwera, ndipo sanawabweze. "Nonse muno mukudziwa, koma chiyambire dzulo mukungonama, mpaka abusa omwe. Analibe. Anabwereka wanga. Anati akalimba abwera, mpaka lero sanalimbe? Anamuika pamakina ake, anamuyeza, azungu anamuombera m'manja. Mutu wa mwana wanga ndi umene unamupatsa udokotala. Ine ndinatsala ndi chiyani? Dengu. Sukulu anatenga ndi iye, amayi ankatama iye, mwana anatenga ndi iye. Lero wafa, mukufuna atenge ali kumanda?"

Morton anayang'ana pansi. Mkulu wake anafuna kulankhula, koma iye anamugwira bondo.

"Analibe, n'zoona," anatero motsitsa. "Tinayesa. Mimba ziwiri zinapita padera."

Alefa sankazidziwa zimenezo. Millie sanamuuzepo. Anayang'ana Brenda, ndipo pankhope ya mtsikanayo anaona kuti iye ankadziwa. Zinamubaya kuposa mawu a mayi wa magalasi aja: mng'ono wake anataya magazi kawiri, ndipo amene anamuthira madzi kumaso anali mwana, osati mkulu wake wa bere limodzi.

Brenda anagwira chitseko, anadzikoka n'kuimirira. Ananyamula chithunzi chake m'khwapa n'kutuluka, chitsulo chikugunda pasimenti ya khonde.

"Mwini mwana wanena," anatero a Isake, mawu awo opanda mphamvu. "Titsiriza mawa tikameta."

Madzulo amenewo Alefa anaphika nandolo wothira tomato monga mmene Brenda ankakondera ali wamng'ono. Mbale inabwerera kukhitchini yosakhudzidwa.

Kunacha ndi chiperoni. Phiri silinkaoneka, ndipo kamvula kosamveka kugwa kananyowetsa mphasa zonse zimene zinagona panja. Abale anasonkhana kuseri kwa nyumba, pafupi ndi nthochi. Masiku ano ambiri sametanso mpala, amangodula katsitsi kakang'ono ndi sizasi kuti mwambo uchitike. Morton anaweramitsa mutu, anamudula. A Isake anavula chipewa n'kunena kuti odulayo afufuze yekha ngati pali chodula.

Itafika nthawi ya Brenda, iye anakankha sizasi.

"Ine mundimete lonse."

Mayi amene ankadulayo anabwerera m'mbuyo. "Iii, mwanawe, ine kapaipi kakoko ndikukaopa. Lezala ikaterereka ndidzanena chiyani?"

"Andimete amayi," anatero Brenda, osayang'ana Alefa.

Sikunali kupempha. Alefa anazindikira kuti mwanayo akufuna aone ngati angakane pamaso pa anthu. Anatenga lezala yatsopano, sopo ndi madzi ofunda, n'kuuza Brenda kuti akhale pamtondo wogwetsa pansi pa tsindwi la khitchini. Ena aja anabalalika kuthawa kamvula.

Anali asanagwire mutu umenewu chichokere mwanayo pakhomo. Tsitsi linali lolukidwa mizere yopita kumbuyo, ina yonenepa, ina yowonda, umodzi wokhota ngati njira yolambalala chulu.

"Anakuluka ndani chonchi?"

"Amami. Lamulungu lapitali."

Zala za Alefa zinaima pamzere woyamba. Kenako anayamba kumasula. Millie sanadziwepo kuluka. Ankakoka pamene safunika kukoka, n'kulekerera pamene pafunika kumanga. Alefa anamasula mzere uliwonse pang'onopang'ono kuposa mmene ankafunira, ndipo fungo la mafuta amene Millie ankadzola linatuluka m'tsitsimo.

Atadula ndi sizasi n'kupaka sopo, anayamba kumeta kumanzere, kutali ndi kapaipi. Atafika kuseri kwa khutu lamanja, anazengereza. Brenda anakweza dzanja, anagwira chala cha Alefa n'kuchiyendetsa pa kanthu kolimba kotsika pansi pa khungu mpaka m'khosi.

"Ndi aka. Musaope, sikaphulika. Muzingometa motsatira, osati mopingasa."

Alefa anameta motsatira. "Anakuuza chiyani za mutu wakowu?"

"Zonse. Ndinkawafunsa chifukwa chake dzanja langa silitambasuka ngati la anzanga."

"Ndiye anati chiyani?"

Brenda atayamba kulankhula, Alefa anamva kalankhulidwe ka Millie, kofulumira, kokweza mawu kumapeto.

"Ankati mwana akamaumbika m'mimba, mkati mwenimweni mwa mutu mumakhala malo amene maselo obiriwira aja amaswana. Iwo ankawatchula kuti maselo a mbewu. Poyamba malowo amakhala ndi mpweya wochepa, ndiye maselowo amangoswana, kuswana. Akachuluka amatulutsa timadzi toitana mitsempha ya magazi. Mitsempha ikamva, imamera kulowera komweko. Ikafika ndi mpweya ndi chakudya, maselo ena amasiya kuswana n'kusanduka ubongo weniweni, woganiza, woyendetsa mwendo. Ena amatsala atamatirira pamtsempha, kudikira nthawi yawo. Ankati palibe chimene chimakula pachokha, maselo akachedwa mitsempha imasochera, mitsempha ikachedwa maselo sadziwa chochita."

"Nanga iwe?"

"Mitsempha ya pamalo amenewo imamera mothamanga, ndiye imakhala yanthete. M'mimba sivuta. Imakhwima mwana akatsala pang'ono kubadwa. Koma ine ndinatuluka idakali choncho. Kunja kuno kupuma, kulira, magazi kuthamanga, ina inang'ambika. Magazi anaononga malo amene akanayendetsa mbali iyi." Anakweza dzanja lopindika lija. "Kumanja kwa mutu ndi kumene kumayendetsa kumanzere kwa thupi."

Lezala inaima.

"Ndiye ndikanakusunga mwezi wina, bwenzi uli bwinobwino."

"Mwina."

"Basi anakuuza kuti ndine. Kuti ndinkatchola tiyi mimba ili apa. Agogo ako ananena zimenezo mpaka kulowa nazo m'manda."

"Ndinawafunsa," anatero Brenda. "Anati pali azimayi amene amagona pabedi miyezi yonse koma mwana n'kubwera msanga. Ena amalima mpaka tsiku lomaliza n'kubereka bwinobwino. Anati sakudziwa. Akanena kuti sindikudziwa ankakwiya, ankamenya tebulo mpaka adadi kuchotsapo makapu."

Alefa anatsuka lezala m'madzi. Tsitsi linayandama.

"Dzulo munanama," anapitiriza Brenda. "Sanandiyezepo pamakina awo. Ku Joni ankayeza mbewa. Kuno ankajambula m'mitu mwa makanda, makolo awo akavomera. Ankafuna kudziwa chimene chimauza mitsempha ija kuti ikhwime, kuti mwina tsiku lina khanda likabadwa msanga azilipatsa, isang'ambike."

"Anachipeza?"

"Ayi. Anali asanachipeze."

Alefa anamva kanthu kena kakusekerera pansi pa mtima wake, kuti nayenso Millie chilipo chimene chinamukanika. Anachita nako manyazi, koma sikanachoke msanga.

"Mukandisunga kuno ndikhala," anatero Brenda. "Sindithawa. Ndithawa ndi mwendo uti? Koma musadzanenenso kuti analibe mwana."

"Nanga ine?"

"Inu muli moyo."

Alefa anapitiriza kumeta mpaka mutu wonse unayera, n'kuutsuka ndi madzi otsala. Pamenepo zipsera zinaonekera. Chaching'ono chakale anachidziwa, cha ali khanda. Chachiwiri anachidziwanso, cha ulendo uja unadya tsiku lonse. Koma pamwamba pake panali china, chachitali, chosachedwa kwambiri.

"Ichi?"

"Cha ndili Sitandade 8. Kanatsekekanso."

"Sanandiuze."

"Anakuimbirani, foni yanu inali yothima. Ndinagwa m'bafa, adadi anandinyamula kuthamanga nane. Adokotala anati tikanachedwa pang'ono bwenzi zili zina. Pofika mawa lake ndinali nditatsitsimuka, ndiye amami anati tisakuopsezeni."

"Asandiopseze," anatero Alefa. "Mwana wanga akung'ambidwa mutu, iye n'kumaganiza zoti asandiopseze. Ankadziona ngati ndani?"

Anafuna kuti Millie akhale pomwepo kuti amutukwane bwinobwino, amukumbutse amene anamuphunzitsa kuwerenga. Koma chala chake chinali chidakali pachipsera chija, ndipo mutu wake unayamba wokha kuyenda ulendo: kufuna wa kabaza m'matope ngati a lerowa, kudikira minibasi pa Limbuli kuti idzaze, kutsika pa boma, kudikira ina, kuima pa Chonde, pa Thuchila, mwana akusanza pamiyendo. Ulendo umenewo anauyendapo kamodzi. Ankaudziwa kuposa aliyense pamudzipo.

Anavula mpango wake n'kumanga mutu wa Brenda kuti usazizidwe. Kenako anakwirira tsitsi lija m'nthochi, anasamba m'manja, n'kupita kukhonde kumene a Isake ndi Morton anakhala akumwa tiyi osalankhulana.

"Apite," anatero ataima.

Morton anaika kapu pansi.

"Koma holide iliyonse azibwera tsiku lotsekera sukulu, osati kumapeto ngati mlendo. Kapaipi kakatsekeka, foni yanga ikathima, mutume munthu. Muimbire kapitawo, muimbire abusa, aliyense. Musadzandisankhirenso choopa ndi chosaopa."

"Ndamva, alamu."

"Ndipo kusukulu, kutchalitchi, anzake a Millie a magalasi aja, muwauze kuti ali ndi mayi ku Limbuli. Osati amayi aakulu."

"Ndiwauza."

"Dzulo zina, lero zina," anadandaula a Isake. "Ine mumandiitaniranji?" Koma anavala chipewa chawo mopepukidwa.

Alefa sanadikire kuthokozedwa. Anapita kukhitchini n'kuyamba kulongedza m'thumba nandolo wouma, mapeyala osapsa ndi nanazi ziwiri. Ankaponya zinthuzo mwamphamvu. Sanakhululuke. Ankadziwa kuti mtsikanayo akafika ku Blantyre akalowa m'chipinda cha Millie, akanunkhiza zovala zake, akalira kulira kumene sanalire pano, ndipo iye sakakhalako.

Chakumasana kamvula kanasiya. Galimoto ya mkulu wake wa Morton inaima pamsewu, injini ikulira. Alefa anatuma munthu kukapereka thumba lija, iye n'kutsala pakhomo la khitchini akupala mphika umene unali woyera kale. Anamva chitsulo chikubwera m'matope, koma sanakweze mutu mpaka chitaima patsogolo pake.

Brenda anawerama n'kumasula lamba wa pamwamba pa chitsulocho.

"Ukutani? Ugwa."

Mtsikanayo anabweza mwendo wamanja m'mbuyo, anapinda bondo lake, kenako anagwira lamanzere ndi dzanja n'kuyamba kulikakamiza. Bondo limenelo linali lisanafikepo pansi chibadwire. Linkanjenjemera, thukuta linatuluka m'mphepete mwa mpango. Alefa anaponya mphika kuti amugwire.

"Musiyeni, alamu," anatero Morton, amene anaima chapatali. "Akhala akuyeserera pasimenti chiyambire Isitala, iye ndi Millie, madzulo alionse. Ankafuna adzakuonetseni pa Khirisimasi."

Bondo linafika m'matope. Brenda anapuma mwamphamvu.

"Tapita, amayi. Tsalani bwino."

Anagwada mopendekeka, thupi litakhalira mbali imodzi, chigongono chitatulukira kunja, mutu utapendama ngati munthu wofuna kufunsa funso. Alefa anakudziwa kugwada kumeneko. Amayi awo ankakoka khutu la Millie chifukwa cha kugwada kotero pamaso pa alendo mpaka anatopa naye.

"Anakuphunzitsa ndi iyeyo?"

"Eee. Ankagwada pambali panga kuti ndiziwaonera."

"Zikuoneka."

Kuseka kunamutuluka Alefa mosayembekezera, ndipo pakati pake kunasanduka china. Anatsika n'kugwada m'matope momwemo, maso ndi maso ndi mwanayo. Anatambasula dzanja kuti amubwezere chigongono m'malo mwake, koma analibweza, n'kumusiya momwemo.